Kuphunzira kusambira: yambani ndi mpweya, manja abwera pambuyo

Munthu wosadziwa kusambira akalowa m'madzi, amathamangira kudzutsa mutu kuti mphuno isanyowe, ndipo vuto limayambira pomwepo. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ukatuluka wonse pamwamba pa madzi, chiuno ndi miyendo zimatsikira pansi ngati mbale ya sikelo, thupi n'kuima chilili. Zikatero, kupalasa konse kumangotha mphamvu, munthu osasuntha. N'chifukwa chake masiku oyamba amathera pa kupuma ndi kuyandama.

Sankhani madzi ofika m'chiuno kapena pachifuwa, oyera moti pansi pakuoneka. Dziwe losambiriramo ndiye labwino kwambiri, chifukwa lili ndi khoma logwira komanso mbali yosaya. Ngati muli kunyanja, funani gombe lamchenga lotsetsereka pang'onopang'ono ngati la ku Senga Bay. Magombe amiyala, monga ambiri a ku Nkhata Bay, amazama mwadzidzidzi: phazi lina lili pamwala, linalo lapita kale pakuya. Pewani pamabango ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja, poti ndi malo a ng'ona, mvuu ndi nkhono zofalitsa likodzo. M'miyezi yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, mwera umautsa mafunde aakulu, ndiye tsiku limene nyanja yakalipa ingokhalani kumtunda. Musalowe nokha. Pakhale munthu wodziwa kusambira amene maso ake ali pa inu, osati pafoni, ndipo pafupi pakhale nsungwi yaitali ndi chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mowa ndi madzi siziyenderana, ngakhale botolo limodzi.

Phunziro loyamba ndi thovu. Imani m'madzi ofika pachifuwa, gwirani khoma kapena manja a mnzanuyo. Kokani mpweya ndi pakamwa, vikani nkhope mpaka madzi afike m'makutu, kenako tulutsani mpweyawo pang'onopang'ono m'mphuno, uku mukung'ung'udza ngati mukuyimba chamumtima. Werengani mpaka 5, dzutsani nkhope, kokaninso ndi pakamwa. Chitani ka 10, mupumule pang'ono, mubwereze katatu. Madzi akalowa m'mphuno n'kumalasa mpaka m'mutu, dziwani kuti munasiya kutulutsa mpweya. Ambiri amaumiriza mpweya m'chifuwa poganiza kuti akuusunga, koma mpweya woipa ukachuluka m'magazi ndi umene umabweretsa befu ndi mantha. Komanso mutu ukatuluka mumakhala ndi kamphindi kochepa kwambiri, kosakwanira kutulutsa ndi kukoka nthawi imodzi. Wotulutsa ali pansi pa madzi amangofika n'kukoka. Musachoke pa phunziroli msanga, ngakhale likuoneka lachibwana.

Musanayandame, phunzirani kuimirira. Izi ambiri amazidumpha, ndipo ndi zimene zimamwetsa anthu madzi pamalo ofika m'chiuno chabe. Mukakhala chafufumimba, kokerani mawondo kuchifuwa, kankhirani madzi pansi ndi manja onse awiri, pondani pansi ndi mapazi onse, mutu udzuke pomaliza. Mukayamba ndi mutu, mapazi amasowa pansi ndipo mumayamba kuphiriphitha.

Tsopano kokani mpweya wambiri, vikani nkhope, kumbatirani mawondo n'kungokhala duu. Mumira pang'ono, kenako msana utulukira wokha pamwamba, chifukwa mapapo odzaza mpweya ali ngati chigubu chija. Mukaziona ndi thupi lanu, mantha ambiri amatha. Kenako tambasulani manja ndi miyendo, muyandame masekondi 10.

Kuyandama chagada n'kumene kumapulumutsa moyo, chifukwa mphuno ndi pakamwa zimakhala panja. Mnzanu aike chikhatho kunkhongo kwanu. Gonani mpaka makutu onse amire, maso kumwamba, chibwano chokwezeka pang'ono, mchombo muukankhire pamwamba. Mukangoti muone zala zakumapazi, matako amatsika ndipo nkhope imamira. Madzi a nyanja yathu ndi opanda mchere, choncho sanyamula thupi ngati a ku Beira kapena ku Durban. Anthu owonda aminofu yolimba amaona miyendo ikutsika ngakhale achite zonse bwino. Si cholakwika: tambasulirani manja kumutu ndipo muzigwedeza mapazi pang'ono.

Mukatha izi, dzikankheni ndi mapazi kuchoka pakhoma kapena pamchenga, manja otambasula kutsogolo, makutu ali pakati pa mikono, maso pansi. Lolani thupi liyende lokha mamita 3 kapena 4 osachita kalikonse. Kenako onjezani miyendo. Imenye kuchokera m'chiuno, mawondo opinda pang'ono chabe, akakolo omasuka, mapazi akungowiritsa madzi pamwamba. Amene amapinda mawondo ngati akupalasa njinga amangokhala pamodzimodzi, ena mpaka kubwerera m'mbuyo. Chigubu cha malita 5 chogwira kutsogolo chimathandiza poyeserera miyendo, koma musapite nacho pakuya, chimapulumuka m'manja.

Manja amabwera pomaliza. Dzanja lilowe m'madzi kutsogolo kwa phewa lake, likoke madzi pansi pa thupi mpaka chala chachikulu chikhudze ntchafu, lituluke chigongono chili patsogolo. Yambani ndi kupalasa kanayi nkhope ili m'madzi, n'kuimirira. Popuma musadzutse mutu kutsogolo. Tembenuzani thupi lonse cham'mbali, khutu limodzi likhalebe m'madzi, kokani mpweya, nkhope ibwerere dzanja lisanalowe. Mukatsamwa, musalimbane nazo: tembenukani chagada, tsokomolani, mtima ukhale pansi.

Mphindi 30 kawiri kapena katatu pamlungu zimapindulitsa kuposa maola atatu Loweruka lokha, poti thupi likazizidwa ndi kutopa limaiwala zimene laphunzira. Musapite pamadzi opitirira msinkhu wanu musanathe kusambira mamita 25 osaima ndi kuyandama masekondi 30 osaponda pansi. Ndipo poyesa mtunda, sambirani motsata gombe, osati kulunjika pakati pa nyanja. Musadumphire chamutu pamalo amene simunawayeze ndi mapazi, khosi limathyoka pamwala wobisika. Katumba akakokana, gonani chagada, gwirani zala zaphazi n'kuzikokera kwa inu, bondo lili lowongoka.

Munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa, chifukwa mpweya wonse ukuthera populumutsa moyo. Amangooneka ali chilili, mutu wagadama, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi. Inu wongophunzira kumene musamulowere, adzakukakamirani n'kumira nanu. Itanani anthu, gonani pansi kumtunda n'kumupatsira nsungwi kapena nsonga ya chitenje, apo ayi muponyereni chigubu cha malita 20 chotseka.

Ngati mwakhala mukuphunzirira m'nyanja kapena m'damu, kumbukirani kuti tizilombo ta likodzo timalowera pakhungu, ngakhale musanamwe madziwo, ndipo zizindikiro zimatha kutenga milungu kapena miyezi. Mukaona magazi mumkodzo, kupweteka pokodza kapena malungo osadziwika bwino, pitani kuchipatala mukawauze kuti mumasambira kunyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake amauyeza potengera kulemera kwa thupi lanu.