Kukaona mbalame zochokera ku Siberia pa dziwe la Langebaan

Kwa ife okhala ku Cape Town, malo abwino oonera mbalame za m'mphepete mwa nyanja ndi West Coast National Park, makilomita pafupifupi 120 mukatsata msewu wa R27. M'menemo muli dziwe la Langebaan, lolumikizana ndi nyanja, lomwe linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar mu 1988. Pitani pakati pa Okutobala ndi Malichi, mbalame zoswana ku Siberia ndi madera ena ozizira akumpoto zitabwera kuthawa chisanu.

Musanaganize za binoculars (magalasi oonera patali), yang'anani pa foni nthawi imene madzi a m'nyanja adzadze ndi kuphwa. Nkhani yonse yagona pamenepa. Mbalamezi zimadya tizilombo ta m'matope. Madzi akadzadza, matope amamira ndipo mbalame zimachoka. Akaphweratu, zimakadyera kutali moti mumangoona timadontho. Inu mukhale mutakhala kale m'kanyumba kobisaliramo ka ku Geelbek madzi akungoyamba kuphwa, chifukwa zimatera pafupi penipeni pa matope oyamba kuonekera. Dziwani kuti Geelbek ili kumapeto kwa dziwe, ndiye madzi amachedwa maola angapo poyerekeza ndi nthawi ya ku Table Bay, gombe la ku Cape Town, mphepo nayo imasokoneza. Ine ndimafika msanga n'kudikira.

Poyamba zonse zimaoneka zotuwa, zofanana. Musataye nthawi ndi nthenga, yang'anani mlomo. Whimbrel ndi yaikulu, mlomo wautali wopindikira pansi. Curlew Sandpiper, yomwe imachuluka kwambiri, ndi yaing'ono, mlomo wopindika pang'ono. Little Stint ndiye kachepetsetsa, kamlomo kafupi kowongoka, kosakhazikika. Grey Plover imathamanga, kuima, kujompha, ndipo ikauluka mumaona kuda m'khwapa. Mukadziwa zinayi izi tsiku loyamba, zakwana. Ma flamingo mudzawadziwa nokha, popanda wokuuzani.

Mwezi umene ndimaukonda ndi Malichi, pamene Curlew Sandpiper zina zimayamba kufiira pamimba ngati njerwa yootcha, kukonzekera ulendo wobwerera.

Tengani jekete ngakhale kukutentha, mphepo ya kumeneko siseka. M'kanyumbamo lankhulani monong'ona, musatulutse mkono pawindo. Mbalame yowulutsidwa pachabe imataya mafuta amene ikusungira ulendo wa makilomita zikwizikwi. Pachipata pamalipiridwa, ndipo m'paki yendetsani galimoto pang'onopang'ono, akamba amadutsa mumsewu. Madzi akakuphonyetsani ku Geelbek, yesani kanyumba ka ku Seeberg, kufupi ndi chipata cha ku Langebaan.