Kampani yanu ikagulidwa, yambani mwafunsa za viza

Makampani akuluakulu a mainjiniya amakula pomezana. WSP ya ku Montreal inagula Parsons Brinckerhoff mu 2014, kenako Golder mu 2021. Mu 2017 Jacobs inatenga CH2M, ndipo chaka chomwecho SNC-Lavalin inagula Atkins, n'kudzasintha dzina mu 2023 kukhala AtkinsRéalis. Choncho mutha kuweruka Lachisanu muli a kampani ina, Lolemba n'kupeza chikwangwani chasintha, desiki ili yomwe ija.

Eni dziko zikatero amadandaula za penshoni ndi bwana watsopano. Inu amene munalowa pa viza muli ndi nkhawa ina. Ku UK, viza ya Skilled Worker imadalira kampani imene ili ndi laisensi yokulembani ntchito, ndipo umwini ukasintha, a Home Office, nthambi ya boma yoona za viza, ayenera kudziwitsidwa pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Udindowu ndi wa kampani, koma akazengereza, wosowa tulo ndinu. Lemberani a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) imelo, osati kungofunsa pakhonde: kodi dzina la olemba ntchito pa kontirakiti yanga lisintha? Laisensi ili m'manja mwa ndani tsopano? Yankho lawo lisungeni.

Mukasamutsidwira ku kampani yatsopanoyo, malamulo a TUPE ku UK, kapena gawo 197 la Labour Relations Act ku South Africa, amati mupite ndi malipiro anu ndi zaka zimene mwagwira. Akakupatsani kontirakiti yatsopano, musafulumire kusaina. Iyerekezeni ndi yakale mzere ndi mzere.

Ndiye pali timesheet, pomwe mumalemba maola amene mwagwira pa pulojekiti iliyonse. Makampani amenewa amagulitsa maola anu kwa makasitomala, ndipo magulu awiri akaphatikizana, akuluakulu amayang'ana amene maola ake sakubweretsa ndalama. Ife tinaleredwa kuti munthu waulemu amadikira kuitanidwa. Kuno ulemu umenewo ungakuphetseni ndi njala. Pitani nokha kwa oyang'anira mapulojekiti a mbali inayo, muwauze zimene mumadziwa, kaya ndi misewu, milatho kapena madzi.

Ngati mukufuna kulembetsa kuti mukhale injiniya wovomerezeka ku ICE (bungwe la mainjiniya a zomangamanga ku UK) kapena ku ECSA (bungwe lolembetsa mainjiniya ku South Africa), lembani pambali ntchito iliyonse imene mwagwira, mwezi wake ndi gawo lanu. Mafayilo a kasitomala musatenge. Injiniya amene amakusainirani malipoti atha kuchoka kampani ikangogulidwa, ndiye asaine zomwe zatsala akadalipo.