Momwe mungatsatire mbiri ya mafilimu a ku Ireland popanda kusokonezeka

Musanaonere filimu iliyonse, tengani kope, tsamba lake muligawe panayi: chaka, wotsogolera filimu, malo ojambulira, ndi kumene kunachokera ndalama. Gawo la ndalamali ndiye phata la nkhani, chifukwa kwa zaka zambiri amene ankajambula dziko la Ireland anali alendo.

Yambirani pa mafilimu opanda mawu. Anthu a ku Dublin anaonera kanema koyamba mu 1896, ndipo mu 1909 mlembi James Joyce anatsegula nyumba ya kanema ya Volta mumzindawo. Chaka chotsatira kampani ya ku America ya Kalem inatumiza wotsogolera mafilimu Sidney Olcott kudzajambula ku Ireland, yemwe pambuyo pake anakhazikika pa Beaufort, kufupi ndi Killarney. Eni dziko anayambitsa yawo, Film Company of Ireland, mu 1916. Mafilimu ambiri a nthawiyo anatayika, choncho musamalize bando yanu powasakasaka. Tsegulani IFI Archive Player, tsamba la Irish Film Institute, pomwe pali zakale zambiri zoonera ulere.

Mukatha pamenepo, onerani awiri motsatizana. "The Dawn" ya 1936 anaijambula Tom Cooper, mwini galaja ku Killarney, ndi anthu a m'deramo, za nkhondo yomenyera ufulu. "The Quiet Man" ya 1952 anaijambula John Ford pa mudzi wa Cong ndi ndalama za ku Hollywood. Mu yachiwiriyi yang'anitsitsani pamene Maureen O'Hara akuonekera koyamba, akuweta nkhosa m'msipu wobiriwira. N'kukongola kumeneku kumene kumapusitsa ambiri, n'kulemba kuti umu ndi mmene anthu a ku Ireland ankadzionera. Ayi, ameneyo ndi Ireland wa m'maloto a zidzukulu za amene anasamukira ku America. Ngakhale situdiyo ya Ardmore, yomwe inatsegulidwa ku Bray mu 1958, inkatumikira kwambiri makampani akunja.

Tsopano londolani ndalama za boma. Bungwe la Irish Film Board linayamba ntchito mu 1981, boma linalitseka mu 1987, ndipo linatsegulidwanso mu 1993 pamene Michael D. Higgins anali nduna ya zachikhalidwe. Lembani zaka zitatuzi pamwamba pa tsamba. Mudzaona kuti "My Left Foot" ya 1989, yomwe inapatsa Daniel Day-Lewis ndi Brenda Fricker mphoto za Oscar, inatuluka bungwelo lili lotseka, ndipo ndalama zochuluka zinachokera ku Britain. N'chifukwa chake mabuku ena amaiwerengera ku Britain, ena ku Ireland. Dziwaninso kuti kuyambira 2018 bungweli limatchedwa Screen Ireland, dzina lakale n'lofunika pofufuza zakale zokha.

Msampha wina ndi malire a pakati pa Ireland ndi Northern Ireland, dera lomwe lili pansi pa United Kingdom. Zojambulidwa ku Belfast zimathandizidwa ndi bungwe lina, Northern Ireland Screen, ndiye zipatseni tsamba lakelake.

Chinenero chisiyeni komaliza, koma musachilumphe. "Poitín" ya Bob Quinn, ya 1978, ndi filimu yayitali yoyamba kulankhula Chiairishi chokhachokha. "An Cailín Ciúin" ya Colm Bairéad, ya 2022, inali yoyamba m'chinenerocho kufika m'gulu la mafilimu omaliza opikisana pa Oscar ya filimu yakunja, mothandizidwa ndi wayilesi yakanema ya TG4. Yatsani mawu olembedwa m'munsi, koma mawu enieni a osewerawo musawatsitse. Mu filimu yachiwiriyi mvetserani pamene kamtsikana ka m'nkhaniyo kakuchoka m'nyumba ya bambo ake olankhula Chingerezi n'kulowa m'nyumba yolankhula Chiairishi, ndipo lembani amene akulankhula chinenero chiti, komanso kwa yani.