Chakumwa chozizira cha mango ndi chinanazi

Kukatentha mu Novembala, mango atadzaza pamsika, konzani ichi. Sendani mango atatu akupsa bwino, makamaka opanda ulusi wambiri, ndi theka la chinanazi. Duladulani, mugaye mu blender pamodzi ndi makapu awiri a madzi ozizira. Ngati mulibe makinawo, sinjani mu kamtondo koyera n'kusefa ndi kansalu. Finyiranimo ndimu imodzi, thirani shuga masupuni awiri, mulawe.

Ambiri amalakwitsa pa ayezi. Akathira mu jagi amasungunuka, chakumwa n'kusukuluka. Ikani m'tambula pomwe mukufuna kumwa. Mkaka musathiremo, chinanazi chosaphika chimaudula n'kuuwawitsa. Chotsala chiikeni mufiriji, mumwe tsiku lomwelo, poti chikakhala panja kukutentha sichichedwa kusasa.