Momwe mungasamalire m'bale amene anamuika mafuta a m'mafupa akabwerera kunyumba

Anthu a khansa ya m'magazi kapena sickle cell akapita ku India kapena ku South Africa kukawaika mafuta a m'mafupa atsopano, akatsika pa bwalo la ndege la KIA abale timangoti basi wachira. Ayi ndithu, ntchito ya gadiyani ndiye yayamba kumene, chifukwa mankhwala amphamvu amene wodwala amapatsidwa asanamuike mafutawo amagwetseratu chitetezo cha m'thupi ndipo kuti chibwerere pamatenga miyezi yambiri, ena mpaka chaka kupitirira.

Choyamba gulani themometa ku famase musanafike ndi kunyumba komwe. Thupi likafika 38, kapena akunjenjemera, musadikire kuche, musamupatse Panado kuti muone kaye chifukwa Panado amangobisa kutenthako pomwe tizilombo tikufalikira m'magazi. Nyamukani kupita ku chipatala cha Central ndi mapepala onse akunja aja komanso buku la kuchipatala, ndipo mukangofika nenani kuti munthuyu anamuika mafuta a m'mafupa, asakhale pamzere.

Kenako muziyang'ana khungu tsiku lililonse. Ngati mafutawo anapereka ndi munthu wina, ngakhale mchimwene wake weniweni, maselo atsopano aja amatha kuyamba kulimbana ndi thupi la wodwalayo, madokotala amati GVHD. Imakonda kubwera m'masiku 100 oyamba koma imathanso kutulukira mochedwa. Tsegulani zikhatho zake, onani kumapazi, m'makutu ndi m'khosi, totupa toyabwa kapena khungu kusintha mtundu ngati wapsa. Kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, maso achikasu, mkodzo wakuda, zonsezi muimbireni foni dokotala wake tsiku lomwelo. GVHD yochedwa ija imaumitsa maso ndi m'kamwa, khungu kumalimba. Ciclosporin kapena tacrolimus amene anamupatsa ndi woletsa zimenezi, ndiye asadumphitse olo tsiku limodzi, ndipo muyambe kufunafuna ena paketi isanathe chifukwa sapezeka mwachisawawa. Bakitirimu ndi aciclovir nawonso amwe monga analembera, amateteza chibayo ndi mashingozi.

Pankhani ya alendo apa mpovuta, ndikudziwa. Kwathu kuno kubweza munthu wobwera kudzazonda wodwala kumaoneka ngati mwano, koma limbani mtima. Wachimfine, wachifuwa, mwana wa katsabola kapena chikuku asalowe, a kutchalitchi apemphere ali pakhonde. Ku maliro, mu minibasi yodzadza, ku msika wa Tsoka, adikire kaye, ndipo potuluka avale masiki.

Madzi akhale owiritsa, chakudya chopsa bwino chotentha. Tchipisi cha pachiwaya, saladi, kanyenya wa mumsewu, mkaka wosawiritsa, thobwa la m'mabotolo logula, zisiyeni. Asasese khola la nkhuku kapena nkhunda, asagwire manyowa kapena chimanga chowola, fumbi lake limakhala ndi nkhungu yomwe imakhazikika m'mapapo. Neti usiku uliwonse, malungo kwa iyeyu ndi oopsa kwambiri. Mankhwala azitsamba musayerekeze, chiwindi ndi impso zatopa kale.

Kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama osasiya, timadontho pakhungu, kufooka ndi kupuma mobanika, zikhoza kutanthauza kuti mafuta aja sakupanga magazi okwanira, akayezetse msanga. Akafuna kumuika magazi akumbutseni madokotala kuti anamuika mafuta a m'mafupa chifukwa pali magazi okonzedwa mwapadera. Funsaninso za katemera, amafunika kubayanso mwatsopano koma pa nthawi imene dokotala wake wanena.