Musayanike chamomile ngati mfutso

Chamomile wambiri sakuwonongekera kudimba ayi, akuwonongekera pabwalo. Ena mwa alimi amene ayamba kudzala chitsambachi, chimene maluwa ake amapangira tiyi, m'nyengo yozizira akuthyola maluwa abwino ndithu, oyera m'mbali achikasu pakati, kenako n'kuwayala pa lata kapena pamkeka dzuwa lili paliwombo, monga tichitira ndi mfutso. Likamalowa dzuwa maluwa aja afiirira, timasamba toyera tayoyoka, fungo lathawa.

Chimene timafuna mu chamomile ndi mafuta onunkhira amene ali m'kamutu kachikasu kaja. Mafutawa sapirira kutentha. Akatswiri oumitsa zitsamba salola kutentha kupitirira madigiri 40, pamene lata lokhala padzuwa masana limapyola pamenepo kutali, moti ngakhale dzanja simungaliike nthawi yaitali. Ndiye muganize: kuti mupeze kilogalamu imodzi youma pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a maluwa aawisi, othyola ndi manja kamodzikamodzi, kubwererako pakapita masiku ochepa chifukwa sakhwimira pamodzi. Thukuta lonselo kulitaya masana amodzi! Wogula akatsegula thumba sayamba wafunsa mtengo, amayamba wanunkhiza, ndipo akaona zofiirira amangobweza.

Chimandiwawa n'chakuti ukawauza anthu amayankha kuti makolo athu ankayanika zonse padzuwa. Inde, chimanga, ufa ndi nkhwani. Koma mbewu iyi ndi yachilendo kuno, kwawo ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, ndipo imalimidwa kwambiri ku Egypt. Tisaikakamize kutsata mwambo wa mfutso. Ena afika pofutsa maluwawa m'madzi otentha asanayanike, osadziwa kuti mankhwala ambiri atsalira m'madzi otayawo.

Mayi wina anadandaula kuti anamunamiza, chamomile alibe kukoma kulikonse, amangomveka udzu. Atafunsidwa bwino, anafotokoza kuti anayanika pa lata masiku awiri, tsiku lachitatu kunagwa chiperoni, ndiye anangowolera maluwawo m'jumbo n'kumanga. Patatha sabata anapeza m'kati muli thukuta ndi nkhungu yotuwa, koma anapepeta n'kuwiritsa otsalawo mumphika wosavundikira mpaka madzi kuda. Apa chinalakwa si mbewu. Kamutu kachikasu kamachedwa kuuma kusiyana ndi timasamba toyera, choncho duwa limaoneka louma kunja m'kati muli chinyezi. Maluwa ochita nkhungu ndi otaya onse, palibe zopepeta.

Zoyenera kuchita n'zosavuta. Thyolani timitu tokha m'mawa mame atauma, pamene timasamba toyera tatambasuka kapena tayamba kupindikira pansi. Yalani mosasanjikiza pa sefa kapena pa nsalu yopyapyala yoika pathandala, mumthunzi modutsa mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Pamatenga sabata imodzi kapena ziwiri malinga ndi nyengo. Tikitani kamutu kamodzi ndi zala: kakafumbutuka kauma, kakaphwatalala dikirani. Sungani m'botolo lagalasi louma, lotseka bwino, pamalo amdima, ndipo lithe chaka chisanathe.

Tiyi wake sawiritsa. Ikani supuni yaikulu imodzi ya maluwa ouma, pafupifupi magalamu awiri kapena atatu, m'kapu. Thirani madzi ongophula kumene, vundikirani ndi kambale kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo timadontho tapansi pa kambaleko tibwerere m'kapu, chifukwa fungo lili mmenemo. Akakhalitsa amawawa. Ambiri amamwa madzulo kuti thupi likhazikike kapena m'mimba mukadzaza mpweya, ndipo alibe caffeine, mankhwala a mu khofi aja othawitsa tulo. Maluwa ophwanyika atsalira pansi pa botolo mangani m'kansalu muponye m'madzi osamba.

Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndiponso amayi oyembekezera, ayambe afunsa kuchipatala. Amene thupi lawo limadana ndi maluwa a mtundu wa mpendadzuwa asamale, akhoza kutupa kapena kuyabwa. Tiyi wake osatsukira m'maso. Mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha, osamumwetsa tiyi ameneyu ngakhale akulira ndi m'mimba.

Chinanso, osathyola kaduwa kalikonse koyera kam'tchire n'kumati ndi chamomile, chifukwa ngakhale chisoso chimatuwa m'mbali n'kuchita chikasu pakati. Chamomile amene timamwa kwambiri masamba ake ndi ang'onoang'ono ngati ulusi, ndipo mukang'amba kamutu kachikasu ndi chikhadabo mupeza m'kati muli mphako.