Mukamva zoti akufuna kusintha malamulo a dziko, yambani apa

Ukangomva mu minibasi ya ku Ndirande kapena pa WhatsApp kuti akusintha konstityushoni osayamba kukuwa ayi, funsa kaye kuti ndi gawo liti, nambala yake. Amene sakukuuza nambala akungokuputa. Buku lake lilipo pa intaneti, ka bando kochepa kakwana, tsitsani muike pa foni.

Tsegulani gawo 83 poyamba, ndi lomwe limati pulezidenti alamulire zaka 5 ndipo asapyole materemu awiri otsatizana. Analemba dala zimenezi mu 1994 anthu atatopa ndi zija za 1971 zoti Kamuzu ndi wamuyaya. Ndiye bilu iliyonse yokhudza 83 muzidziwa kuti pali wina mpando wamukomera.

Kenako onani njira yomwe akufuna kudzera. Magawo ena monga a ufulu wa anthu sasintha wamba, gawo 196 limafuna referendamu, tonse tivote. Ena onse ndi gawo 197, aphungu awiri mwa atatu alionse akavomera basi zatheka, ndipo apa mpomwe pamachitikira masewera chifukwa phungu amagulika, tisanamizane. Mu July 2002 bilu ya open term yofuna kuti a Muluzi aimenso inapeza mavoti 125, inapelewera atatu okha, atatu! Kukanapanda mipingo ndi anthu kumawapanikiza aphungu awo bwenzi pano tikukamba zina. Panopa aphungu alipo 229 ndiye werengani nokha, akufunika 153.

Choncho pezani nambala ya phungu wanu kaya ndi wa Bangwe kaya Chilomoni, mufunseni poyera pa msonkhano kuti bilu iyi muvota bwanji, ayankhe anthu akumva, osati za zitenje ndi mabokosi a maliro zokha. Kumuchotsa pakati pa teremu simungathe, gawo 64 lomwe linkatipatsa mphamvu imeneyo analifafaniza okha mu 1995, Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, nayo anaithetsa mu 2001 isanakhaleko nkomwe.

Zikadutsabe mokhota khothi lilipo, High Court ili pa Chichiri pomwepa, ndipo pa 3 February 2020 tinaona majaji asanu akufafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Koma kumeneko kumafuna loya ndi ndalama, pitani ngati gulu kapena kudzera ku mabungwe, nokha muthera panjira.